Mafunso ndi mayankho: tenisi ya anyamata m'makoleji a ku America ndi kumene imawafikitsa

Amene amaonera tenisi pa kanema amamva oulutsa mawu akunena kuti wosewera wakuti adadzera ku Florida, wina ku TCU, wina ku Texas A&M. Amenewa si makalabu ayi, ndi mayunivesite a ku United States. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza anyamata osewerera sukulu zimenezi: mmene amakulira pa masewerowa ndi kumene amalowera akatsanzikana ndi koleji.

Kodi tenisi ya ku koleji ndi chiyani, ndipo amaiyendetsa ndani?

Ku America yunivesite imalemba ntchito makochi, imamanga mabwalo, imalipirira osewera ndege ndi malo ogona, ndipo timu yake imalimbana ndi matimu a sukulu zina. Bungwe lalikulu loyang'anira zonsezi ndi NCAA, lomwe lidagawa sukulu m'magulu atatu: Division I, II ndi III. Palinso bungwe la NAIA la sukulu zocheperako, komanso makoleji a zaka ziwiri. Mndandanda wosonyeza timu kapena wosewera amene ali pamwamba amatulutsa ndi a ITA, bungwe la makochi a tenisi ya m'makoleji.

Mwambowu ndi wakale. Mpikisano woyamba wa ophunzira udachitika mu 1883. Sukulu za ku California ndi zomwe zidalamulira nthawi yaitali: USC ili ndi zikho 21 za timu, Stanford 17, UCLA 16. Zikho zonse za Stanford zidabwera pansi pa kochi mmodzi, Dick Gould, pakati pa 1973 ndi 2000. Masiku ano mphamvu zidasunthira kummwera ndi kummawa. Virginia idatenga zikho zisanu ndi chimodzi pakati pa 2013 ndi 2023, TCU idapambana mu 2024, Wake Forest mu 2025.

Masewero ake amasiyana bwanji ndi amene timaona ku Wimbledon?

Kusiyana kwakukulu n'kwakuti pano munthu sadzisewerera yekha. Sukulu ziwiri zikakumana, zimalimbirana mapointi asanu ndi awiri. Amayamba ndi masewero atatu a awiriawiri, a doubles, seti imodzi yokha aliwonse. Timu yopambana awiri mwa atatuwo imatenga pointi imodzi. Kenako anyamata asanu ndi mmodzi a mbali iyi amakumana ndi asanu ndi mmodzi a mbali inayo pa mabwalo asanu ndi limodzi nthawi imodzi, aliyense ndi pointi yake. Yoyamba kufika pa mapointi anayi ndiyo yapambana, ndipo pa mipikisano ikuluikulu masewero otsalawo amaimira pomwepo ngakhale wina atatsala pang'ono kumaliza mnzake.

Kochi amandandalika osewera potengera mphamvu zawo, kuyambira nambala 1 mpaka 6. Koma pointi ya mnyamata wa pa nambala 6 imalemera chimodzimodzi ndi ya katswiri wa pa nambala 1. N'chifukwa chake nthawi zambiri anthu onse amathamangira ku bwalo lakumapeto, komwe mwana wa chaka choyamba wasenza timu yonse pa 3-3, anzake atandanda m'mbali akukuwa. Mantha amene amagwira munthu pamenepo kochi sangamuphunzitse pokonzekera.

Malamulo ena adapangidwa kuti masewero azitha msanga. Gemu ikafika pa 40-40 sapitiriza kusinthana. Pointi yotsatira ndiyo imagamula, ndipo wolandira sevisi ndiye amasankha mbali. Sevisi ikakhudza neti n'kugwera m'kati, kwa anyamata mpira umapitirira, sabwerezanso. Kochi amaloledwa kukhala pa bwalo ndi kulangiza wosewera masewero ali m'kati. Oonerera nawo sakhala chete. Ndipo pa masewero ambiri wosewera amagamula yekha ngati mpira wagwera kunja kumbali yake, woyimbira n'kumukonza akaona kuti wanama. Apa ndi pamene pamabuka mikangano yambiri, ndipo ine ndimaona kuti ndi chilema chenicheni cha tenisi ya ku koleji.

Masewero a timu amayamba mu Januwale n'kutha ndi chikho cha NCAA mu Meyi. Miyezi ya Seputembala mpaka Novembala ndi ya mipikisano ya aliyense payekha.

Anthu amati ku koleji kumapita amene alephera kukhala akatswiri. N'zoona?

Maganizo amenewa ali ndi pochokera pake, koma mbiri yonse sikugwirizana nawo.

Kale koleji inali njira ya aliyense. Arthur Ashe adatenga chikho cha NCAA cha osewera payekha ali ku UCLA mu 1965, zaka zitatu asanapambane US Open. Stan Smith adachitenga ali ku USC mu 1968, Jimmy Connors ku UCLA mu 1971. John McEnroe adafika mu semifainolo ya Wimbledon mu 1977 ali ndi zaka 18, koma adapitabe ku Stanford n'kukatenga chikho cha NCAA mu 1978.

Zinthu zidatembenuka pamene ana adayamba kugwetsa akuluakulu. Boris Becker adatenga Wimbledon mu 1985 ali ndi zaka 17, Michael Chang adatenga French Open mu 1989 pa msinkhu womwewo, ndipo Pete Sampras, Andre Agassi ndi Jim Courier onse adadumpha koleji. Makolo ndi makochi adatolapo phunziro limodzi: ukafika zaka 18 usanalowe m'gulu la akatswiri, wachedwa. Panali anthu ngati Todd Martin wa ku Northwestern, MaliVai Washington wa ku Michigan ndi James Blake wa ku Harvard omwe adafika patali, komabe ambiri ankawaona ngati apadera chabe.

Amene adagwedeza maganizowo kwambiri ndi John Isner ndi Kevin Anderson. Mu 2007 sukulu zawo, Georgia ndi Illinois, zidakumana mu fainolo ya NCAA, Georgia n'kupambana. Patapita zaka 11 anthu awiri omwewa adakumana mu semifainolo ya Wimbledon, n'kusewera maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 36, Anderson n'kutenga seti yomaliza 26-24. Chaka chomwecho cha 2018 Anderson adafika pa nambala 5 pa dziko lonse, Isner pa nambala 8, onse atapitirira zaka 30. Tenisi ya lero imafuna thupi lokhwima, ndipo osewera akukhalitsa pa bwalo kuposa kale. Wotuluka ku koleji ndi zaka 22 akhoza kukhala ndi zaka khumi kapena kuposerapo zakutsogolo.

Chowonadi china chisabisike: chiyambire McEnroe mu 1984, palibe mwamuna wodzera mu tenisi ya ku koleji amene watenga chikho cha singles (cha osewera payekha) pa umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya Grand Slam. Federer, Nadal, Djokovic, Alcaraz ndi Sinner sadapondeko. Koleji ikutulutsa anthu ambiri a m'gulu la osewera 100 apamwamba, ena mpaka mu khumi oyamba, koma pa nsonga penipeni pakhalabe amene adakhwima ali ana.

Nanga mnyamata amapindula chiyani kumeneko chimene sangachipeze akungoyendayenda m'mipikisano?

Choyamba ndi nthawi yokula popanda ngongole. Mipikisano yotsikitsitsa ya akatswiri, ya M15, mu 2024 inali ndi mphoto zokwana $15,000 zogawana osewera onse, ndipo wotenga chikho ankapita ndi ndalama zongopitirira pang'ono $2,000. Wogonja tsiku loyamba salandira zokwanira ngakhale hotelo. Tikiti ya ndege, chakudya, zingwe za raketi ndi malipiro a kochi zonse zimachoka m'thumba la makolo. Ana ambiri aluso amasiya ali ndi zaka 20 kapena 21 osati chifukwa luso latha, koma ndalama. Zili ngati kuthyola chimanga chisanakhwime: chiwisi chimakoma tsiku limodzi, koma m'nkhokwe simulowa kanthu.

Ku koleji ya Division I zonsezi imalipira ndi sukulu. Pali kochi wa tenisi, wina wolimbitsa thupi, wina wosamalira zovulala, ndi anzako asanu ndi atatu kapena khumi omenya nawo mpira tsiku lililonse. Mnyamata wamtali wowonda, yemwe miyendo yake sinagwirizane ndi thupi, amapeza zaka zomanga minofu asanayambe kumenyana ndi amuna a zaka 28. Isner, yemwe ndi wamtali mamita 2.08, ndi chitsanzo chabwino. Adakhala zaka zonse zinayi ku Georgia, ndipo patangopita miyezi yochepa atatuluka mu 2007 adafika mu fainolo ya mpikisano wa ATP (bungwe la akatswiri a tenisi aamuna) ku Washington, komwe adagonja kwa Andy Roddick.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa masewero. Pa mipikisano ya akatswiri ukagonja Lachiwiri umadikira sabata yamawa. Ku koleji, ugonje upambane, Lamlungu ukuseweranso.

Ayenera kukhalako zaka zingati?

Palibe nambala imodzi, ndipo nkhani za anthu ndi zomwe zimayankha bwino.

Ben Shelton adakhala zaka ziwiri ku Florida, komwe kochi anali bambo ake, Bryan Shelton. Chaka choyamba, mu 2021, ankasewera pa nambala 5, ndipo ndiye adamenya pointi yomwe idapatsa sukuluyo chikho cha timu pogonjetsa Baylor. Chaka chachiwiri adatenga chikho cha singles. Mu Ogasiti 2022 adagonjetsa Casper Ruud ku Cincinnati, kenako mu Novembala adatenga zikho zitatu zotsatizana za Challenger, mipikisano ya akatswiri yotsikirapo pa ya ATP, n'kulowa m'gulu la 100 apamwamba. Ulendo wake woyamba kutuluka m'dziko la America unali wopita ku Australia, ndipo mu 2023 adakafika mu kotafainolo ya Australian Open. Mu 2025 adatenga chikho cha Masters, umodzi mwa mipikisano ikuluikulu ya ATP, ku Toronto. Munthu wotere kumusunga chaka chachitatu kukadakhala kumuchedwetsa.

Cameron Norrie adachita zaka zitatu ku TCU, adachoka mu 2017 ali nambala 1 m'makoleji onse, ndipo adatenga chikho cha Masters cha Indian Wells mu 2021. Steve Johnson adamaliza zonse zinayi ku USC, natenga zikho zinayi za timu, ziwiri za singles, n'kutseka ndi masewero 72 otsatizana osagonja. Ku ATP adafika pa nambala 21. Learner Tien ku USC ndi Francisco Cerúndolo ku South Carolina adangokhalako miyezi yowerengeka. João Fonseca wa ku Brazil adavomera malo ku Virginia, koma atayamba kupambana masewero a ATP mu 2024 sadapitenso.

Muyeso wanga ndi uwu: ngati mnyamata akugonjetsa kale anthu pa mipikisano ya Challenger sabata ndi sabata, apite. Ngati akuvutikabe kudutsa ndime yachiwiri ya M15, akhale pa sukulu, ngakhale anthu amutame chotani.

Kodi sikolashipu imalipira zonse?

Kwa anyamata, kawirikawiri ayi. Kwa zaka zambiri timu ya amuna ya Division I inkaloledwa masikolashipu anayi ndi theka okha, pamene ya akazi inkaloledwa asanu ndi atatu athunthu. Gwero lake ndi lamulo la Title IX la 1972, lofuna kuti amuna ndi akazi apatsidwe mwayi wofanana. Popeza mpira wachimereka unkatenga masikolashipu 85 a amuna pa sukulu imodzi yaikulu, masewero ena a amuna ankatsala ndi zochepa. Kochi ankagawa anayi ndi thekawo kwa anyamata khumi: uyu zonse, uyu theka, uyu mabuku okha.

Mu Juni 2025 khoti lidavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House, umene osewera a m'makoleji adasumira NCAA pa nkhani ya malipiro, ndipo sukulu zomwe zidalowa mu mgwirizanowo sizilinso ndi malire a masikolashipu. M'malo mwake timu ya tenisi siyenera kupitirira osewera khumi. Izi sizikutanthauza kuti onse khumi alipiriridwa. Zimatengera thumba la sukuluyo. Division III ndi sukulu za Ivy League monga Harvard ndi Columbia sizipereka sikolashipu ya masewero, koma zimathandiza potengera kusowa kwa banja, ndipo nthawi zina thandizo limenelo limaposa la masewero.

Wophunzira angalandire mphoto za ndalama akapambana mpikisano wa akatswiri?

Apa pakhala pali madandaulo. Lamulo lomwe lidakhalapo nthawi yaitali linkalola mnyamata kulandira mpaka $10,000 pa chaka asanalowe koleji. Akalowa, amangotenga zobweza zimene wawononga pa ulendowo, zotsalazo amazisiya. Reese Brantmeier wa ku North Carolina adakasuma NCAA mu 2024 pa nkhani imeneyi. Kuyambira pa 1 Julaye 2021 ophunzira amaloledwa kupeza ndalama potsatsa malonda ndi dzina lawo, koma ochokera kunja amamangika ndi visa ya F-1, yomwe siwalola kugwira ntchito momasuka ali m'dzikomo. Malamulo a gawo ili akusinthasintha, choncho wosewera afunse ofesi yoona za malamulo pa sukulu yake asanalandire kalikonse.

Akamaliza amayambira pati?

Kale ambiri ankayambira pansi penipeni, kupatula wa ku America wotenga chikho cha NCAA yemwe mwamwambo ankapatsidwa malo ku US Open. Kuyambira 2023 ATP ndi ITA adagwirizana kuti osewera 20 apamwamba m'makoleji azipatsidwa malo mpaka asanu ndi atatu pa mipikisano ya Challenger. Khumi oyamba amalowa mwachindunji, enawo amayambira mu ndime yodzigulira malo. Jacob Fearnley wa ku Scotland adatenga chikho cha timu ndi TCU mu Meyi 2024, mwezi wotsatira adatenga Challenger ya ku Nottingham, ndipo mu Julaye adalanda Novak Djokovic seti imodzi pa bwalo lalikulu la Wimbledon.

Si onse amathamanga chonchi. Nuno Borges wa ku Portugal adamaliza ku Mississippi State mu 2019, koma chikho chake choyamba cha ATP chidabwera mu 2024, pogonjetsa Nadal ku Båstad. Nkhani ya Valentin Vacherot wa ku Monaco imandikhudza kuposa zonse. Atachoka ku Texas A&M adakhala zaka akuzungulira m'mipikisano yaing'ono, osadziwika. Mu Okutobala 2025 adapita ku Shanghai ali pa nambala 204, adadutsa ndime yodzigulira malo, adagonjetsa Djokovic mu semifainolo, ndipo mu fainolo adakumana ndi msuweni wake Arthur Rinderknech wa ku France, yemwe adasewera naye timu imodzi ku Texas A&M. Vacherot adapambana ali ndi zaka 26, ndipo palibe adatengapo chikho cha Masters ali pa nambala yotsika chotero.

N'chifukwa chiyani akatswiri ambiri a doubles ndi odzera ku koleji?

Chifukwa kumeneko doubles imaseweredwa pa mkumano uliwonse ndipo pointi yake nthawi zambiri ndiyo imagamula. Mapasa Bob ndi Mike Bryan adachokera ku Stanford, natenga limodzi zikho 119, kuphatikizapo 16 za Grand Slam. Rajeev Ram wa ku Illinois, Joe Salisbury wa ku Memphis, Neal Skupski wa ku LSU ndi Austin Krajicek wa ku Texas A&M onse adakhalapo nambala 1 pa dziko lonse mu doubles.

Kodi njirayi ndi ya a ku America okha? Aliko a ku Africa amene adadzerako?

Oposa theka la anyamata a tenisi ya Division I ndi ochokera kunja, ndipo kummwera kwa Africa kuli ndi mbiri yake. Kevin Curren wa ku South Africa adatenga chikho cha NCAA ali ku Texas mu 1979; ndi yemwe adagonja kwa Becker mu fainolo ya Wimbledon ya 1985. Anderson ndi mwana wa ku Johannesburg. Ku Zimbabwe, Byron ndi Wayne Black adakulira pa mabwalo a udzu omwe bambo awo, Don Black, adakonza pakhomo ku Harare, ndipo onse awiri adasewerera USC. Byron adatenga French Open ya doubles mu 1994. Wayne, pamodzi ndi Kevin Ullyett, adatenga US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005. Benjamin Lock, yemwe wakhala akutsogolera Zimbabwe mu Davis Cup, mpikisano wa matimu a maiko, adadzera ku Florida State.

Mnyamata wa ku Blantyre, Lilongwe kapena Lusaka amene akulakalaka njirayi ayambire pati?

Kochi wa ku America sadzabwera kudzamuona. Amayang'ana manambala: malo ake pa mndandanda wa achinyamata wa ITF (bungwe loyendetsa tenisi pa dziko lonse), ndi miyeso ya UTR ndi WTN, yomwe imawerengedwa kuchokera pa zotsatira zenizeni. Choncho mnyamata ayenera kusewera mipikisano yolembedwa m'kaundula, ngakhale ikhale ya m'maiko oyandikana nafe, ndi kujambula vidiyo ya masewero athunthu, osati yosankha mipira yokongola yokha. Kalata kwa makochi alembe yekha. Asamangoyang'ana Division I. Sukulu za Division II, NAIA ndi makoleji a zaka ziwiri zili ndi alendo ambiri, ndipo wochita bwino akhoza kusamukira ku sukulu yaikulu.

Magiredi a m'kalasi amafunika ngati raketi yomwe. Wopita ku Division I kapena II amalembetsa ku NCAA Eligibility Center, komwe amaunika satifiketi yake. Pali msampha umodzi wofunika kuudziwa: ku Division I wosewera tenisi amapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yokha atamaliza sekondale. Akapitirira pamenepo akusewerabe mipikisano, amayamba kutaya zaka zake zosewerera koleji. Wolemba MSCE asadikire zotsatira kuti ayambe kulemba makalata. Ayambe ali Fomu 3. Nkhani ya visa nayo yakhwima. Kumapeto kwa 2025 boma la America lidaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa maiko omwe nzika zake zidachepetsedwa mwayi wa mavisa, kuphatikizapo a ophunzira, choncho banja lifunse ku ofesi ya kazembe lisanawononge ndalama.

Zovuta zake ndi zotani?

Kutopa. Lamulo limati maola 20 pa sabata, koma maulendo ndi zina zambiri siziwerengedwa, ndipo mayeso a m'kalasi sadikira. Kochi amalipidwa kuti timu ipambane Loweruka likubwerali, ndiye si onse amene angalole mnyamata kusintha kamenyedwe kake kwa miyezi itatu akugonja. Masewero pafupifupi onse ndi a pa bwalo lolimba, kotero otuluka kumeneko amavutika pa bwalo la dothi la ku Ulaya. Wopita ku sukulu yotchuka n'kukakhala nambala 9 amatha chaka akuombera anzake m'manja, pamene pa sukulu yocheperako akadasewera sabata iliyonse. Ndipo timu ikhoza kuthetsedwa: mu 2020 Iowa ndi Minnesota zidalengeza kuti zikutseka tenisi ya amuna pofuna kupulumutsa ndalama.

Nanga ambiri amene safika ku ATP amathera kuti?

Amenewa ndiwo ochuluka kutalitali. Pa anyamata zikwi amene amasewera m'makoleji chaka chilichonse, odzadya za tenisi ngati osewera ndi owerengeka m'manja. Otsalawo amatuluka ndi digiri n'kulowa ntchito za m'mabanki, zachipatala, zamakompyuta kapena bizinesi, ndipo n'chifukwa chake kusankha maphunziro opepuka pofuna kupeza nthawi ya pa bwalo ndimakuona ngati kudzibera wekha.

Ena amatsala m'masewero momwemo. Facundo Lugones wa ku Argentina ankasewera ndi Norrie ku TCU, ndipo atamaliza adakhala kochi wake, n'kuyenda naye mpaka ku chikho cha Indian Wells ndi semifainolo ya Wimbledon ya 2022. Bryan Shelton adasewerera Georgia Tech, adafika pa nambala 55 ku ATP, kenako adabwerera ku sukulu yake ngati kochi n'kutenga chikho cha NCAA ndi timu ya akazi mu 2007. Adachitenganso ndi anyamata a Florida mu 2021, ndipo mu 2023 adatula pansi udindowo kuti aziyenda ndi mwana wake.